Chotapira cha m'matope: musagule musanaponde pansi pa nyanja

Makina ofufuzira zitsulo, omwe ambiri timangowatcha ditekita, anatchuka kuno kwathu chifukwa cha golide. Chiyambireni 2021, pomwe Reserve Bank of Malawi inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku Export Development Fund, dzina la makinawa silachilendonso pa msika. Komatu makina omwewa ali ndi ntchito ina yomwe ingamuyenere munthu wokhala m'mphepete mwa nyanja: kufunafuna zinthu zomwe zagwera m'madzi.

Dera la Mfumu Yaikulu Maganga m'boma la Salima ndi limodzi mwa malo omwe ntchito yotere ingathe kumveka. Kumeneko ndi komwe kuli Senga Bay, pafupifupi makilomita 20 kuchokera pa boma, komwe anthu a ku Lilongwe amathamangirako pa Khirisimasi, pa Isitala ndi kumapeto kwa sabata. Chikondwerero cha Sand Music Festival chachitikirako kwa zaka zingapo pa Sunbird Livingstonia Beach. Pomwe pasambira khamu la anthu sipalephera kugwa mphete, ndolo, makiyi a galimoto ndi mafoni. Nawo madoko a asodzi ali ndi zawo zotayika: sipanala yagwa pokonza injini ya boti, nangula waduka chingwe, mpeni wapulumuka m'manja.

Ditekita imangokuuzani kuti pansi apa pali chitsulo. Siikutulutsirani. Pamtunda mumagwada n'kukumba ndi manja kapena kakhasu, koma m'madzi ofika m'chiuno simungagwade, ndipo mukangopalasa kamodzi madzi amada bii, osaonanso kanthu. Ntchito yonse imatsalira chida chachiwiri: chotapira cha mpini wautali, chokhala ngati kachidebe kobowolabowola, chomwe m'masitolo a kunja amachitcha sand scoop. Ambiri amathera ndalama zonse pa ditekita, chotapira n'kungotola chilichonse. Sabata ino tikuti chotapira chisankhidwe poona dothi lomwe mukakumbe, osati poona chithunzi cha pa intaneti. Matope si mchenga.

Pansi pa nyanja si pamodzi

Gombe la kwa Maganga lili ndi pansi pa mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse umafuna chida chake.

Woyamba ndi mchenga woyera wa m'malo osambira a ku Senga Bay. Umenewu ndi wosavuta. Mukautapa n'kugwedeza chotapira kawiri katatu m'madzi, umatuluka wokha m'mabowo, chitsulo n'kutsala.

Wachiwiri ndi matope a kumathiriro a mitsinje ndi m'mabango. Mtsinje wa Linthipe, womwe umalandiranso madzi a mtsinje wa Lilongwe, umathira m'nyanja kummwera kwa Senga Bay, moyang'anana ndi zilumba za Maleri. M'dzinja umabwera ndi dothi lochokera m'minda ya ku Dedza ndi ku Lilongwe, ndipo dothi limeneli limadikha pansi n'kusanduka matope onanda, osakanikirana ndi mizu ya bango, timitengo ndi zigoba za nkhono. Kumpoto kwake, cha ku dambo la Mpatsanjoka, nakonso n'chimodzimodzi.

Wachitatu ndi dongo lolimba kapena nsangalabwi zomwe zimakhala kunsi kwa matopewo. Apa ndi pomwe zinthu zolemera zimakathera. Golide amalemera kuposa madzi pafupifupi ka 19, mtovu woika ku maukonde ndi ku mbedza ka 11, pomwe mchenga sufika n'katatu komwe. Choncho mphete ikagwera m'matope ofewa siikhala pamwamba. Imamira pang'onopang'ono mpaka itapeza polimba. Wofuna kuipeza ayenera kudutsa matope onse n'kukakanda polimbapo.

Zotapira zambiri zomwe mumaziona pa intaneti anazipangira magombe a nyanja za mchere monga a ku Durban kapena ku Florida, komwe pansi n'pa mchenga wokhawokha. N'zazikulu, zopepuka, za mlomo wobulungira. M'matope a ku Linthipe zimangodzaza n'kutseka mabowo, munthu n'kumanyamula chibuma chomwe sichikusefeka. Musanatulutse ndalama, pitani pa malo omwe mukufuna kumagwirapo ntchito, tengani ndodo, muizike pansi pa madzi. Ikalowa chikhatho chimodzi n'kuima, muli pa mchenga. Ikalowa mpaka theka la mkono n'kumakanirira poizula, muli pa matope, ndipo zomwe zikutsatirazi n'zanu.

Kukula kwake: masamu a msana

Pa msika timakonda kunena kuti chachikulu ndiye chabwino. Pa chotapira cha m'matope zimenezo n'zabodza. Lita imodzi ya matope onyowa imalemera pakati pa kilogalamu imodzi ndi theka ndi makilogalamu awiri. Chotapira cha masentimita 20 pakamwa ndi masentimita 25 kuya chimalowa malita pafupifupi 8, kutanthauza makilogalamu 12 mpaka 16 nthawi iliyonse mukatapa. Cha masentimita 15 pakamwa ndi masentimita 20 kuya chimalowa malita atatu ndi theka, omwe ndi makilogalamu 5 mpaka 7.

Onjezaniponso kuti katunduyo ali kunsonga kwa mpini wautali, komanso kuti matope amakoka chinthu chomwe chalowamo monga momwe amachitira ndi phazi la munthu wopalira mpunga kudambo. Chinthu chimodzi chingafune kutapa kasanu kapena kakhumi musanachipeze. Wa chotapira chachikulu amakhala atatopa dzuwa lisanafike pamutu, ndipo mawa lake sadzuka. Wa chaching'ono amatapa kambiri, koma amagwira tsiku lonse. Pa matope musapitirire masentimita 15 kapena 16 pakamwa.

Mlomo, chopondera ndi mpini

Mlomo wa chotapira ukhale wosongoka ngati wa fosholo yokumbira, osati wobulungira. Wosongoka umang'amba dongo, umadula mizu ya bango ndipo umalowa pakati pa nsangalabwi. Mlomowo ndi womwe umalandira nkhonya zonse, ndiye chitsulo chake chikhale chochindikala mamilimita awiri, kapena mmisiri awotchererepo kachitsulo kena kolimbitsa m'mphepete mwake.

Kumbuyo kwa kachidebeko kukhale chopondera, kachitsulo kophwatalala komwe mumaikapo phazi pokankhira pansi. Popanda chimenechi mumaponda pa mabowo, ndipo kumbuyoko kumayamba kulowa m'kati mpaka kung'ambika.

Malo omwe zotapira zambiri zimathyokera ndi polumikizira mpini. Paipi yolowetsamo mpini isangowotchereredwa pamwamba pa kachidebe pokha ayi. Ikhale ndi tizitsulo tiwiri toichirikiza uku ndi uku, tofika kumbuyo. Mpiniwo usaime chilili. Upendekeke pang'ono chakumbuyo, madigiri 20 kapena kuyandikira pamenepo, kuti mukaukokera kwa inu mlomo uzitukuka m'mwamba, zomwe mwatapa zisakhuthuke.

Kutalika kwa mpini kufike pachifuwa panu, zomwe kwa ambiri ndi mita imodzi ndi masentimita 20 mpaka mita imodzi ndi theka. Mtengo wouma bwino wa bulugamu, kapena mpini wa fosholo wa m'sitolo, umakwanira. Nsungwi ndi yopepuka koma imang'aluka pomwe mwabowola kuti mumange bawuti. Paipi ya chitsulo ndi yolimba koma ndi yolemera, ndipo ditekita imaimva ili patali. Mpini wa mtengo uli ndi ubwino winanso: chotapira chikakupulumukani, mpiniwo umayesetsa kuimirira m'madzi, ndiye mumaupeza. Mangiriraniko botolo lopanda kanthu ndi kachingwe kuti musachite kukayika.

Mabowo: apa ndiye pagona nkhani

Mabowo akachepa, matope satuluka. Akakula, chomwe mukufunacho chimatuluka limodzi ndi matope. Mphete ya munthu wamkulu nthawi zambiri siichepera mamilimita 17 mukayeza kunja kwake, ndipo makiyi ndi ndalama zachitsulo n'zokulirapo kapena zofanana nayo. Choncho mabowo a mamilimita 12 kapena 13, omwe amisiri amati a theka la inchi, amagwira zimenezi bwinobwino uku akulola matope kutuluka. Mabowo a mamilimita 6 mpaka 8 ndi abwino pa mchenga wouma, koma pa matope amatsekeka kutapa koyamba komwe.

Vuto limatsala pa tinthu ting'onoting'ono monga ndolo zobaya ndi tcheni chopyapyala cha m'khosi. Njira yake ndi kusakaniza: m'mbali ndi pamwamba mabowo aakulu, koma pansi chakumbuyo, pomwe zinthu zolemera zimakadikha, mabowo a mamilimita 6 kapena 7.

Mabowo akhale ambiri ndi oyandikana, koma pakati pa bowo ndi linzake patsale chitsulo cha mamilimita 4 kapena 5 kuti chidebe chisafooke. Pafupi ndi mlomo, masentimita atatu kapena anayi oyamba, pasabowoledwe. Mukalandira chotapira kwa mmisiri, yendetsani chala m'mabowo mosamala. Ngati akucheka, abwerezepo ndi tupa, chifukwa bala la m'madzi a matope silichedwa kutukusira.

Zilipo zotapira za waya wolukana ngati sefa ya mchenga wa omanga nyumba. Zimasefa msanga kuposa zobowola, koma sizipirira kupondedwa pa dongo. Waya ndi wabwino pa sefa yoyandama, yomwe tiikambe posachedwa.

Chitsulo chake

Pulasitiki isiyeni. Ndi ya pa mchenga wouma wa pamtunda, ndipo ubwino wake ndi woti ditekita siimva. M'madzi a matope siilowa pansi.

Aluminiyamu ndi yopepuka ndipo siichita dzimbiri, koma mlomo wake umapindika pa dongo ndi pa miyala. Ikathyoka, owotcherera ambiri a m'matauni ang'onoang'ono alibe makina ake.

Chitsulo wamba, chomwe amapangira mageti ndi mawindo, ndi chotsika mtengo, cholimba, ndipo mmisiri aliyense amachidziwa. Chimachita dzimbiri, koma poti nyanja yathu ilibe mchere, dzimbirilo silithamanga ngati ku Beira kapena ku Nacala. Mukamachitsuka, kuchiumitsa ndi kuchipaka penti nthawi ndi nthawi, chimakutumikirani. Kwa woyamba kumene, ichi ndi chomwe tingamulangize.

Chitsulo chosachita dzimbiri, chomwe amisiri amati sitenilesi, ndiye mfumu ya zonse. Chili ndi magulu. Gulu la 316 analipangira madzi a mchere ndipo ndi lodula. Kuno mukhala mukulipira chinthu chomwe simuchifuna. Gulu la 304 ndi lokwanira. Pogula tengani maginito: 304 siigwira maginito, kapena imangogwira pang'ono pomwe yapindidwa. Chikamata maginito mwamphamvu ndiye kuti ndi gulu lina lotsikirapo, kapena ndi chitsulo wamba chongokutidwa kuti chiziwala. Dziwaninso kuti gulu la 201, lomwe ndi lotsika mtengo, nalonso siligwira maginito, ndiye funsani wogulitsa akuonetseni nambala yomwe yadindidwa pa chitsulocho.

Sitenilesi imafuna ndodo zake zowotcherera, monga za 308L. Mmisiri akagwiritsa ntchito ndodo wamba, polumikizirapo ndi pomwe padzayambe dzimbiri ndi kuthyoka. Pobowola pamafunika kuyendetsa makina pang'onopang'ono ndi kuthirapo mafuta, apo ayi chitsulocho chimauma n'kumapsereza zobowolera. Mmisiri yemwe sakudziwa zimenezi musamupatse sitenilesi yanu.

Zotsalira za zinthu zakale zingakupulumutsireni ndalama: poto wochindikala wa sitenilesi, chidutswa cha paipi yaikulu ya madzi, kapena chidebe cha chozimitsira moto chomwe achitulutsa mpweya wonse n'kuchichotsa mutu. Koma silinda ya gasi wophikira isadulidwe n'komwe, ngakhale mwini wake alumbire kuti ilibe kanthu. Ndipo ngati chitsulo n'chokutidwa ndi zinki monga malata, chiwotchereredwe pabwalo, chifukwa utsi wake umadwalitsa.

Sefa yoyandama

Pa matope enieni, ngakhale chotapira chabwino sichimaliza ntchito chokha. Kuima m'madzi n'kumagwedeza makilogalamu 6 a dongo mpaka atasungunuka ndi kutaya nthawi ndi mphamvu. Njira yachidule ndi kugawa ntchito: chotapira chizikumba, sefa izisefa.

Sefa yoyandama mutha kupanga nokha. Tengani chubu chakale cha tayala la galimoto, mupope, ndipo pakati pake mumangirire basiketi ya pulasitiki ya mabowo kapena beseni lomwe mwalibowola. Chubu chikasowa, zigubu zinayi za malita asanu zotseka bwino, zomangirira ku felemu ya matabwa yokhala ndi waya pansi, zimagwira ntchito yomweyo. Mabowo a sefa akhale a mamilimita 5 kapena 6. Imangirireni m'chiuno ndi chingwe cha mamita awiri, chomanga mfundo yosavuta kumasula.

Mukatapa, khuthulirani m'sefa, n'kubwerera kukamvetsera pa dzenje ndi ditekita. Ikakhala chete, ndiye kuti chinthucho chili m'sefa, ndipo mutha kufikisa matopewo ndi dzanja mosathamanga. Sefa ya pulasitiki yokhayokha ili ndi mwayi woti mutha kuyendetsa ditekita pamwamba pake kuti mutsimikize. Ya waya wachitsulo siilola zimenezo.

M'kati mwa chotapira, chakumbuyo, mangiriranimo maginito ochokera ku sipika yakufa ya wailesi. Amagwira misomali, mbedza ndi zitsekerero za mabotolo, zomwe ndi zochuluka kwambiri m'malo osambira ndi m'madoko. Zikapanda kugwidwa zimadutsa m'mabowo n'kugweranso pansi, inu n'kumakumba chinthu chimodzimodzi kangapo. Golide, siliva, mkuwa ndi mtovu sizigwira maginito, ndiye chomwe chatsala osamata ndi chomwe muyenera kuchiyang'anitsitsa.

Kuitanitsa kunja kapena kupangitsa konkuno?

Zotapira za sitenilesi za mpini wautali m'masitolo a ku America ndi ku Ulaya zimayambira pa madola makumi angapo, ndipo zodziwika bwino zimapitirira madola 200. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 mtengo wa ku banki unakhazikika pa K1,751 pa dola imodzi. Pa mtengo umenewo chotapira cha madola 100 ndi K175,100, cha madola 200 ndi K350,200, musanalipire mtengo wotumizira ndi misonkho ya MRA. Aliyense wochita malonda akudziwanso kuti madola a ku banki sapezeka chisawawa. Ndipo chikathyoka, mwini sitolo ali kutsidya kwa nyanja zamchere.

Kupangitsa kwa owotcherera a pa Kamuzu Road ku Salima, pa Senga Bay, kapena ku Lilongwe komwe zitsulo zimapezeka mosavuta m'masitolo a ku Malangalanga, kumakupatsani mwayi wosankha kukula, mabowo ndi mpini molingana ndi thupi lanu ndi dothi lanu. Pokambirana mtengo, gawani zinthu zinayi: chitsulo, ndodo zowotcherera, zobowolera ndi ntchito ya manja. Kubowola mabowo oposa 100 ndi komwe kumadya nthawi, ndiye musadabwe ntchito ya manja ikaposa mtengo wa chitsulo. Funsani amisiri atatu musanasankhe. Pitani ndi chithunzi chojambula pa pepala chokhala ndi miyeso yonse, kapena chidebe cha katoni chomwe mwadula n'kumata momwe mukufunira. Perekani theka la ndalama poyamba, lotsalalo mukachiyesa. Kuyesa kwake n'kosavuta: chizikeni pa dothi lolimba, pondani ndi thupi lonse, kokerani mpini kumbuyo. Polumikizira pakalira kapena kugwedera, chibwerere pa moto.

Chotapira ndi ditekita ziyenderane

Si ditekita iliyonse yomwe imalowa m'madzi. Zambiri zotsika mtengo ndi mbale yapansi yokha yomwe siopa madzi. Kabokosi ka pamwamba kakanyowa, ndalama zapita. Mitundu monga Garrett AT Pro, Minelab Equinox 600 ndi 800, ndi Nokta Simplex+ anaipanga kuti imire mpaka mamita atatu. Samalani ndi zachinyengo zomwe zimangodindidwa maina amenewa.

Madzi opanda mchere savutitsa ditekita monga amachitira a mchere, koma gombe la Salima lili ndi vuto lakelake: mchenga wakuda uja mumauona m'mizeremizere m'mphepete mwa madzi. Muli miyala ya chitsulo monga ilmenite ndi magnetite, ndipo umachititsa makina kulira popanda kanthu. Sankhani ditekita yomwe ili ndi posinthira kuti igwirizane ndi dothi, ndipo muphunzire kusinthako musanalowe m'madzi.

Poyenda, chotapira chizikhala kumbuyo kwanu, mukuchikoka, kutali ndi mbale ya ditekita. Mukamva kulira, ikani chala cha phazi kumbuyo kwa mbaleyo, chotsani mbale, ikani mlomo wa chotapira pomwe pali chalacho, pondani, kokerani mpini kwa inu, gwedezani pang'ono uku ndi uku kuti matope asiye kukoka, kenako tukulani pang'onopang'ono. Imani moti madzi akuda azipita kutali nanu, osati pomwe mukufuna kufufuza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyengo ndi chitetezo

Miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti, mafunde amakula ndipo amasuntha mchenga, kukwirira zina n'kufukula zina. M'dzinja mitsinje imadetsa madzi ndi kubweretsa matope atsopano. Nthawi yabwino ndi m'mamawa nyanja ili bata, makamaka m'miyezi yotentha mvula isanayambe, pomwe madzi amakhala atatsika.

Mu 2024 nyanja inakwera kuposa momwe inachitira kwa zaka zambiri, mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mphepete mwake. Madzi akakwera chotero amamiza mipanda ya waya, zidutswa za malata ndi mabotolo osweka. Osalowa opanda nsapato zolimba. Koma majombo aatali ndi msampha: akadzaza madzi kapena kukanirira m'matope, munthu amalephera kudzipulumutsa.

Malo a matope ndi mabango ndi omwenso kumakhala ng'ona ndi mvuu. Kumathiriro a Linthipe ndi ku Mpatsanjoka musalowe musanafunse asodzi a pamalopo, ndipo musalowe mbandakucha kapena chisisira. Musagwire nokha, mnzanu akhale pamtunda kapena m'bwato akuyang'ana. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Musapitirire madzi a m'chiuno pa matope, ngakhale mumadziwa kusambira, chifukwa muli ndi katundu m'manja monse.

Likodzo nalo lilipo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odikha ndipo timalowa pakhungu. Munthu woima m'madzi otere maola ambiri ali pa chiopsezo chachikulu. Mukaona magazi m'mikodzo, kapena ngakhale musanaone kanthu koma mwakhala mukugwira ntchitoyi, pitani kuchipatala akakuyezeni. Mankhwala ake, a praziquantel, alipo.

Malamulo ndi ulemu wa pa doko

Doko lililonse lili ndi eni ake. Kaonekereni kwa a mfumu ndi kwa komiti ya pa doko, ija timati BVC, musanayambe. Kutsogolo kwa hotela kapena loji, gwirizanani ndi oyang'anira malowo. Zilumba za Maleri ndi madzi ozizungulira ndi gawo la Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo ili pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 1984. Kumeneko si kokumba. Mukaona timaenje tozungulira pa mchenga wa pansi pa madzi, dziwani kuti ndi zisa za nsomba zoswana, zilambalaleni. Dzenje lomwe mwakumba pa malo osambira likwirireni, mwana angathyokepo mwendo.

Chotola chili ndi mwini. Foni, mphete kapena makiyi zomwe simunatumidwe kufuna, kaperekeni ku polisi kapena kwa oyang'anira malo omwe mwazipeza. Kugulitsa mwakachetechete kungakusandutseni wakuba pamaso pa lamulo. Gombe la Salima linali njira ya amalonda a minyanga ndi akapolo m'zaka za m'ma 1800, ndiye n'zotheka kutulutsa zinthu zamakedzana. Zimenezo zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo oyenera kuwadziwitsa ndi a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Chooneka ngati chipolopolo kapena bomba musachimenye kapena kupita nacho kunyumba. Ikani chizindikiro, itanani apolisi. Ndipo kufufuza golide wa m'nthaka ndi nkhani ina, yofuna chiphaso cha migodi.

Kodi ndalama ibwerera?

Tisanamizane. Zambiri zomwe chotapira chimatulutsa ndi zitsekerero, zitini ndi misomali. Zitsulo zakutha amagula pa kilogalamu, ndipo chitsulo wamba ndi chomwe chili ndi mtengo wotsikitsitsa. Mkuwa, mtovu ndi aluminiyamu ndiye zimakwererako. Zisiyanitseni musanapite kwa wogula, chifukwa zosakaniza amazigula pa mtengo wa chotsikitsitsacho. Gulitsani kwa ogula a chiphaso, ndipo mawaya a magetsi kapena zitsulo za njanji musaziphatikizemo, ngakhale mutazitola m'madzi.

Phindu lenileni lili pa kutumidwa. Mwini galimoto yemwe makiyi ake agwera m'nyanja Lamlungu madzulo, kunyumba kuli ku Lilongwe makilomita oposa 100, amadziwa yekha mtengo wa thandizo lanu. N'chimodzimodzi mwini boti yemwe chida chake chili pansi pomwe anzake akupita ku usipa. Gwirizanani mitengo iwiri musananyowe: ya kufufuza, yomwe amalipira ngakhale chinthucho chisapezeke, ndi yowonjezera chikapezeka. Siyani nambala yanu kwa alonda a m'maloji, kwa oyendetsa maboti a alendo ndi kwa a BVC. Ntchito imeneyi imayenda ndi mbiri, ndipo wobweza mphete kwa mwini wake ndi yemwe amaitanidwanso.

Ngati ndalama yoyambira ndi ya ngongole ya ku banki mkhonde, musayambe ndi ditekita. Yambani ndi chotapira cha chitsulo wamba, sefa ya chubu ndi maginito aakulu omangirira ku chingwe, omwe paokha amatha kukoka sipanala ndi mpeni. Gwirani nazo nyengo imodzi ya tchuthi, mukulemba m'kope anthu omwe akutumani ndi ndalama zomwe mwalandira. Kopelo ndi lomwe lidzakuuzeni ngati ditekita ndi sitenilesi zili zoyenera kugula.